Kuwala Kumakhotera pa Nkhope ya Galasi

Ntchito yanga ndi yodula magalasi a maso ndi kuwaika m'mafelemu. Woyeza maso akathana ndi munthu amalemba manambala pakapepala, monga +2.00 kapena -4.50, ndipo kapepalako kakafika patebulo panga ndimadziwa kuti kakundiuza chinthu chimodzi basi: kuwala kukhotetsedwe motani kusanalowe m'diso la munthuyo.

Mumpweya kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kukangolowa m'galasi, liwirolo limatsika kufika cha pa 200,000. Kukamenya galasi molunjika kumangodutsa osapatuka. Koma kukafika chopendekera, mbali imodzi imayamba kuchedwa inzake ikadali mumpweya, ndiye kumakhota, monga ikhotera ngolo gudumu limodzi likalowa mumchenga linzake likadali pouma. Potuluka kumakhotanso. M'kati mwenimwenimo kumayenda mowongoka. Ntchito yonse imagwirika pa nkhope ziwiri za galasilo, yakutsogolo ndi yakumbuyo, malinga ndi mmene anazipindira.

Masamu owerengera kukhota kumeneku anawalemba Ibn Sahl ku Baghdad cha m'ma 984, pofufuza magalasi osonkhanitsa dzuwa mpaka kuyatsa moto, ndipo Willebrord Snell wa ku Leiden anadzawapezanso mu 1621. Ife timakumana nawo tsiku ndi tsiku pa kanambala kolembedwa pa envulopu ya galasi. Pulasitiki wamba wa CR-39 ndi 1.50, galasi lenileni lija lakale ndi 1.52, ndipo alipo ena a 1.67. Nambalayo ikakula, kuwala kumachedwa kwambiri m'katimo n'kukhota kwambiri, choncho galasi silifunika kulipinda kwambiri. Mtsikana wa -8.00 amene amachita manyazi ndi magalasi ochindikala m'mbali, ndimamulangiza 1.67 ndi felemu yaing'ono, ngakhale mtengo wake umaluma ndithu.

Pamene ndimaikapo mtima wanga wonse ndi pakati pa galasi. Galasi lililonse lili ndi kamalo kamodzi pamene kuwala kumadutsa osapatukira kumbali. Ndimakafufuza pa makina otchedwa lensmeter n'kudonthezapo inki. Kenako ndimayeza mtunda wa pakati pa mboni ziwiri za maso a mwini wake, ndikumuuza kuti ayang'ane diso langa osagwedeza mutu. Kadontho ka inki kaja kayenera kukhala ndendende kutsogolo kwa mboni ndisanayambe kudula m'mbali. Galasi la mphamvu ya 4.00 likaphonya ndi mamilimita 5 okha, chinthu chimene chili pa mita imodzi chimaoneka ngati chasuntha masentimita awiri. Minofu ya m'maso imalimbana tsiku lonse kuti igwirizanitse zimene maso awiriwo akuona, ndipo pofika madzulo mutu uli waliwali.

Agogo ena anabwera ndi magalasi ogula pamsika atawakulunga m'kansalu.

"Mwanangu, Baibulo ndikuwerenga ndithu, koma ndikangotha tsamba limodzi misozi ili chuchuchu."

"Tandipatsani ndiwaone, agogo."

Nditawaika pamakina, onse awiri anali +2.50, pamene pakapepala kawo diso lamanzere linkafuna mphamvu yocheperapo kwambiri. Magalasi a pamsika sindiwanyoza ayi. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kulephera kuona zapafupi, ndipo ambiri amene maso awo ndi ofanana amathandizikadi pa mtengo wochepa. Vuto n'lakuti anawapangira nkhope ya aliyense: mphamvu imodzimodzi mbali zonse, pakati pake poikidwiratu. Diso lopindika mosiyana mbali ndi mbali silipindula nawo mokwanira, chifukwa limafuna galasi lokhotetsa kuwala kwambiri kumbali imodzi kuposa inayo, ndipo mbaliyo ndimachita kuitchera pa madigiri ake enieni.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona galasi lodulidwa bwino likupukutidwa ndi nsonga ya chitenje chafumbi. Kamchenga kalikonse kamasiya kamzere, ndipo kamzere kalikonse kamamwaza kuwala kwina kumene sikunayenera kupita. Usiku nyali za galimoto zimachita kuwirira m'maso. Galasi lokalika sindingalikonze. Kulipala kungachotse kapindidwe kake komwe. Choncho aliyense wotenga magalasi kwa ine ndimayamba ndamuonetsa katsukidwe kake: madzi oyera choyamba kuti fumbi lichoke, kasopo pang'ono pa zala, kenako kansalu kofewa kosungidwa m'kabokosi.