Kawotchi kamene sikadziwa magazi ako

Kuno ku Malambo palibe munthu wamutu wake amene amalowa pansi pa madzi mwakufuna. Luangwa ndi wa mvuu ndi ng'ona, ndipo dzinja likafika madzi ake amakhala matope okhaokha. Mwina mungadabwe kuti munthu wa ku Mambwe ikumukhudza bwanji nkhani ya makompyuta a anthu osambira pansi pa nyanja. Alendo ambiri amene amatsika ndeke pa Mfuwe kudzaona anyalugwe mu South Luangwa amapitiriza ulendo wawo mpaka ku nyanja ya Malawi, ndipo ntchito za m'maloji nazo zimatsata njira yomweyo. Msuweni wanga anayamba ndi kunyamula zikwama za alendo konkuno. Lero ali ku Nkhata Bay, amaperekeza alendo pansi pa madzi kukaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala tija.

Atabwera pa Khirisimasi anali ndi chiwotchi chachikulu pamkono, galasi lake lokalikakalika, lamba wake wosokedwa ndi ulusi wa mbedza. Anamusiyira ndi mlendo wina pobwerera kwawo. Nditamufunsa nthawi anaseka.

"Iyi ndi kompyuta, msuweni. Ikati kwera, ndimakwera. Ikakhala chete, ndiye kuti zonse zili bwino."

Mawu omaliza aja ndi amene akhala akundivuta mpaka lero.

Nkhani yake ili motere. Munthu akatsika mamita 10 pansi pa madzi, mphamvu yomupanikiza imakhala kawiri poyerekeza ndi ya kumtunda. Pa mamita 20 imakhala katatu. Mpweya umene amapuma kuchokera mu silinda uli ndi nayitrojeni wambiri, monga uwu tikupuma apawu, ndipo chifukwa cha kupanikizika kuja nayitrojeniyo amasungunukira m'magazi ndi m'minofu. Ukakwera pang'onopang'ono, amatuluka bwinobwino kudzera m'mapapo. Ukakwera mothamanga, kapena ukakhalitsa pansi, amachita thovu m'thupi ngati botolo la Fanta limene walikhutchumula n'kulitsegula. Thovu limenelo likakhala m'mawondo ndi m'mapewa, ululu wake umamupinda munthu. Likafika mumsana kapena mu ubongo, miyendo ikhoza kufa ndithu.

Woyamba kuwerengera bwino zimenezi anali John Scott Haldane wa ku Scotland. Mu 1908 iye ndi anzake anasindikiza matebulo oonetsa nthawi imene munthu angakhale pansi ndi malo oyenera kuima pokwera, ndipo zambiri anaziyesa pa mbuzi. Patapita zaka, dokotala wa ku Zürich, Albert Bühlmann, anakonza masamu amene makompyuta ambiri akugwiritsabe ntchito. Mu 1983 kunatuluka Orca Edge, imodzi mwa makompyuta oyamba amene osambira wamba ankagula. Chimene makina amenewa amachita ndi kuyeza zinthu ziwiri, kuya ndi nthawi, kenaka n'kuyerekeza nayitrojeni amene ali m'thupi la munthu wongopeka. Magazi ako enieni sakuwaona. Sadziwa kuti dzulo unamwa, kuti thupi lako lauma chifukwa cha dzuwa la Okutobala, kapena kuti wangodzuka kumene ku malungo.

Ine ndimadzipereka pa wailesi ya m'dera lathu, ndipo kumeneko ndinaphunzira kuti makina amafa imfa ziwiri. Yoyamba ndi yaphokoso. Magetsi akathima, situdiyo yonse imada, aliyense amadziwa, wina amathamangira ku jenereta. Yachiwiri ndi yachinsinsi. Timagetsi ta pa mikisa timavina bwinobwino, wolengeza ali kalikiliki kuwerenga uthenga wa maliro, koma mawu sakutuluka pa mlongoti, ndipo ku Masumba ndi ku Jumbe anthu akungomva kufuwa. N'chifukwa chake patebulo pamakhala kawailesi kakang'ono ka mabatire, kotchera pa siteshoni yathu yomwe. Timakhulupirira mikisa, koma timafunsanso kawailesiko.

Kompyuta ya pansi pa madzi nayo ili ndi imfa ziwiri zomwezi. Batire likatha, kapena madzi akalowa chifukwa kamphira kotseka chivundikiro kauma, galasi limangoda. Zimenezo n'zoopsa, koma wophunzitsidwa bwino amadziwa chochita: amapatsa mnzake chizindikiro, amakwera pang'onopang'ono osapyola mamita 9 kapena 10 pa mphindi, amaima mphindi 3 pa mamita 5, ndipo salowanso m'madzi kwa maola 24. Imfa yachinsinsi ndi pamene kachipangizo koyeza kuya kakalamba kapena katsekeka ndi zinyalala, n'kumaonetsa mamita 18 iwe uli pa 24. Manambala akuoneka, palibe belu lililonse likulira, koma masamu onse aima pa bodza.

Zotere zinachitikapo ngakhale pa makina atsopano. Mu February 2003 kampani ya Uwatec inaitanitsa makompyuta a Aladin Air X Nitrox amene anapangidwa mu 1995. Pulogalamu yake inkalakwitsa kuwerengera nayitrojeni wotsala m'thupi munthu akatuluka m'madzi n'kulowanso, ndipo inkamuuza kuti ali bwino nthawi isanakwane. Anthu ena anadwala. Galasi silinade ngakhale kamodzi.

Ku nyanja ya Malawi kulinso zina zimene mlendo wosiya mphatso sangaziganizire. Nyanjayi ili pafupifupi mamita 500 pamwamba pa nyanja zamchere, choncho mpweya wa kumtunda ndi wopepukirapo, ndipo thovu lija limabadwa msanga. Makompyuta ena amazindikira okha, ena umachita kuwatchera ndi manja. Madzi ake alibe mchere, ndiye kompyuta yotcheredwa madzi amchere imaphonya kuya pang'ono. Ukatuluka m'madzi n'kukwera minibasi ya ku Mzuzu, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 wafika pamalo okwera kupyola mamita 1,200 pamwamba pa nyanja zamchere. Langizo lodziwika ndi lakuti usakwere ndeke pasanathe maola 12 utalowa kamodzi, kapena maola 18 ngati walowa kangapo. Phiri nalo silisiyana kwambiri ndi ndeke.

Tsono taonani amene ali pangozi yaikulu. Mlendo amalowa kawiri kapena katatu, ajambula zithunzi, napita. Wantchito amalowa m'mawa ndi gulu lina, masana ndi lina, mawa chimodzimodzi, nyengo yonse ya alendo. Nayitrojeni wa m'mawa amakumana ndi wa masana. Mlendo ali ndi inshuwalansi yomutumizira ndeke. Wantchito ali ndi ana awiri, amayi ake ku Mambwe, ndi kompyuta ya salaula imene sadziwa kuti inayesedwa liti. Chipinda chopanikiza mpweya chimene amachiritsira matendawa sichipezeka pa chipatala chilichonse.

Sindikunyoza makina. Kompyuta yabwino imawerengera mphindi iliyonse mosatopa, chinthu chimene mutu wa munthu sungathe ali pakati posamalira alendo anayi amantha. Msuweni wanga ali bwino nayo kusiyana n'kukhala wopanda. Chimene ndinakana ndi chakuti kukhala chete kwake kukhale umboni wakuti zonse zili bwino. Ndinamupempha zinthu zotsika mtengo. Akhale ndi wotchi wamba yosalowa madzi komanso geji ina yoyezera kuya. Akafika pansi ayerekeze manambala ake ndi a mnzake, ndipo akasiyana atsate oopsawo. Asabwerekane kompyuta ndi munthu tsiku limodzi, chifukwa imasunga mbiri ya thupi limodzi lokha. Matebulo amene anaphunzira pa kosi awasunge m'mutu, kuti nambala yachilendo ikaoneka mtima ugunde.

Anandiyankha kuti bwana sangakondwe kumuona akuthetsa ulendo wa alendo chifukwa cha kawotchi. Apo ndiye pagona vuto lenileni, ndipo silili mu batire. Mnyamata wolipidwa patsiku amaopa kunena kuti tiyeni tikwere. Eni malo osambirira ndi amene ayenera kugula zipangizo za antchito awo, kuziyesetsa nthawi ndi nthawi, ndi kunena poyera kuti wothetsa ulendo chifukwa makina akukayikitsa sadulidwa malipiro.

Ambiri a inu amene mukuwerenga muli ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo mwina simudzavalapo silinda kumsana. Koma m'bale wanu akadzapeza ntchito ku Nkhata Bay, ku Cape Maclear kapena ku Tanganyika, n'kukuonetsani chiwotchi chake monyadira, musangofunsa mtengo wake. Mufunseni kuti batire analisintha liti, anayerekeza ndi ya ndani, ndipo ikadzayamba kunama adzadziwira chiyani.