Thumba la makala lotsika phiri la Chowe

Minibasi yochokera ku Liwonde inatitsitsa pa Mangochi boma dzuwa lisanafike paliwombo, koma malaya anali atamatirira kale kumsana. Ine ndinali wongoperekeza. Eni ulendo anali atatu: mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za nkhalango ku Bunda, mnzake wa ku MUBAS, wophunzira kakonzedwe ka matauni, ndi mnyamata wina wa za umoyo wa anthu ku KUHeS, sukulu imene ili ndi nthambi pa Mangochi pomwepo. Anadziwana ali ku sekondale. Aliyense anali ndi kafukufuku wake wa chaka chomaliza, ndipo anagwirizana zoyendera limodzi dera la Mfumu Chowe pofuna kuchepetsa ndalama zoyendera. Poyamba chowagwirizanitsa chinali chokhacho basi.

Wa matauni uja ndiye anayamba ntchito, tisanawoloke n'komwe Shire. Anaima pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, n'kumafotokoza kuti tauniyi inayamba ngati linga la asilikali, Fort Johnston, mu 1891, ndipo patapita zaka zochepa inasamutsidwira pamene ili lero. Inakonzedwera asilikali, akalaliki a boma ndi sitima zapamadzi. Pofika kalembera wa 2018 munali anthu oposa 53,000, boma lonse la Mangochi oposa 1.1 miliyoni. Iye maso ake anali pa ngalande zodzaza majumbo ndi mabotolo, ndi nyumba zomangidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje.

Tili pa mlatho wa Bakili Muluzi, njinga zinkatidutsa zolowera kutauni, iliyonse itasenza matumba a makala osokedwa ndi luzi pakamwa, ena atatu, ena anayi. Oyendetsa ake ankangokankha, thukuta lili kamukamu.

"Amalume, tiyeni tikaone kumene akuchokera amenewa," anatero mwana wa mlongo wanga.

Msewu wopita ku Namwera ndi ku Chiponde umayamba wathyathyathya, kenako umakwera phiri la Chowe mokhotakhota, moti galimoto ya matola imene tinakwera inkalira ngati ilira misozi. Tinatsika pakatikati pa chitunda. Amene sanaimepo pamenepa sanamuone Mangochi. Kudzanja lamanja kumaoneka nsonga ya nyanja ya Malawi, Shire akutuluka m'menemo ngati chingwe, malata a tauni akung'anima m'mbali mwake, ndipo kumanzere madziwo akutambasukanso kukhala nyanja ya Malombe. Kumpoto kuli nkhalango ya Namizimu, kummwera nkhalango ya Mangochi, imene kuyambira 2018 ikuyang'aniridwa ndi African Parks pamodzi ndi Liwonde. Zonsezi diso limazitenga kamodzi. Ana atatu aja anakhala chete kanthawi, aliyense akufufuza pansipo gawo limene anaphunzitsidwa.

Utsi wopyapyala ndi umene unatilondolera kwa bambo wina wachikulire kuseri kwa munda wa nandolo. Tinapereka moni, iwo anayankha m'Chiyao, kenako anatembenukira ku Chichewa atamva malankhulidwe athu. Uvuni wawo unali mulu wautali ngati mzere waukulu wa mbatata: zipika za mombo zosanjikizidwa bwino, pamwamba udzu, pamwamba pa udzuwo zigulumwa za dothi. Ankayenda mouzungulira ndi khasu, akaona pamene utsi wayamba kutuluka mwamphamvu n'kuponyapo dothi ndi kupondaponda. Anatiuza kuti mphepo ikalowa yambiri, mitengo yonseyo imangosanduka phulusa, ntchito ya masiku ambiri n'kupita pachabe. N'chifukwa chake amagona pomwepo mpaka makala atapsa. Manja awo anali akuda mpaka m'zigongono, ming'alu ya m'zala itadzaza mwaye.

Wa nkhalango anafunsa za mitengo: mtundu wake, msinkhu wake, ngati zitsa zimaphukiranso. Anadziwa bwino kuti lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020 ndipo kuotcha makala popanda chilolezo n'kulakwa, ndipo bambowo nawo ankadziwa. Sanabise. Koma mawu amene anasintha tsikulo anabwera pamene mnyamata wa za umoyo anawafunsa, mwaulemu, kuti ntchitoyi anaiyamba liti. Iwo analoza pansi, ku Malombe. Anati unyamata wawo wonse anathera m'bwato, akukoka makoka a eni ake, ndipo anakwera phiri nsomba zitasiya kudyetsa banja.

Mbiri ya Malombe imavomereza zimenezi. Nyanjayi ndi yosazama, malo ambiri madzi sapitirira mamita awiri kapena atatu, ndipo kale inkatchuka ndi chambo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 chambo chinachepa mochititsa mantha. Maukonde a maso ang'onoang'ono, monga nkacha, ankakokolola ndi tiana tomwe, komanso kuzula udzu wapansi pamene nsomba zimaswerana. Asodzi anatsalira kambuzi. Mu 1993 boma linayambitsa kuno makomiti a m'madoko, kuti asodzi eni ake azitetezera nawo nyanja, ndipo njira imeneyi inafalikira ku nyanja zina za dziko lino. Komabe chambo sichinabwerere monga kale.

Apa ndi pamene atatu aja anayamba kulankhulana ngati anthu a ntchito imodzi. Wa nkhalango anati phiri likameteka, mvula imakokolola dothi kupita nalo ku Malombe komweko, matope n'kukwirira malo oswerana nsomba. Ndiye kuti msodzi amene wathawira kuphiri akuonjezera, mosafuna, vuto limene linamuthamangitsa kunyanja. Wa matauni anati iye m'mapu ake phirili mulibe, chikhalirecho wogula makalawo ali m'nyumba zimene amazijambula, mayi wophika pa mbaula chifukwa magetsi alibe, kapena alipo koma odula ndi ozimazima. Wa za umoyo anakumbutsa za utsi wa m'khitchini ndi chifuwa cha ana, kenako anatchula nkhani imene anzakewo anali asanaimvepo: kafukufuku wa Jay Stauffer ndi anzake ku Chembe anasonyeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyezo, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka, matendawo n'kukwera pakati pa ana. Dokotala angapereke mapiritsi chaka ndi chaka, koma gwero lili mu ukonde.

Ine ndimati sukulu zathu zaukachenjede zikuchedwa pa nkhani imeneyi. Luso lilipo, ndipo n'lambiri. Za usodzi zikuphunzitsidwa ku Mpwepwe, kuno ku Mangochi konkuno. Za nkhalango ndi nyama ku Dedza. Za nyengo ku MUST ku Thyolo. Za malo ndi matauni ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Za chilengedwe ku Zomba. Koma mwana amatha zaka zinayi asanakhalepo pansi ndi mnzake wa phunziro lina pa funso limodzi. Akalembedwa ntchito, wina ku khonsolo, wina ku nthambi ya nkhalango, wina kuchipatala, amapitiriza momwemo, aliyense ndi galimoto yake ndi lipoti lake, kupita kwa bambo mmodzi yemweyo wa pa uvuni. Zimandiwawa, chifukwa kuwatumiza limodzi kumudzi kwa mwezi umodzi sikufuna nyumba yatsopano kapena makina ochokera kunja.

Madzi enieniwo salemekeza malire a maphunziro. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka, ndipo anthu ankalima m'malo amene lero ndi Malombe. Mu 2024 zinatembenuka: nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe la Mangochi. Eni malowo ankaloza chala zitseko za madzi za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zimene zinamangidwa mu 1965 kuti Shire aziyenda mokhazikika popanga magetsi ku Nkula ndi kumunsi kwake. Koma kuzitsekula kwambiri kukanamiza a ku Chikwawa ndi Nsanje. Ndipo madzi akalowa m'midzi amakumana ndi zimbudzi ndi zitsime. Boma la Mangochi linali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri ndi kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Tinatsika phiri dzuwa litapendeka, titatsazikana ndi bambo aja, amene anatiperekeza mpaka pamsewu monga mwa ulemu wa kuno. Kumzikiti wa m'munsi kunkamveka kuitanira mapemphero.

Usiku, pa khonde la nyumba yogona alendo, atatu aja anayala mapepala awo a mafunso pa mphasa, foni ikuwaunikira. Anapeza kuti onse ankafuna kufunsa mabanja omwewo, ndipo anayamba kufufuta mafunso obwerezabwereza ndi kuonjezera ena: mumaphikira chiyani, mumagula kwa yani, m'banja muno alipo anasiya usodzi, mwana anakodzapo magazi. Anakangana nthawi yaitali pa funso loti aphunzitsi awo adzalola bwanji kafukufuku wa anthu atatu a sukulu zitatu, ndipo sanamalize. Mayi wa panyumbapo anabwera ndi nsima ndi kambuzi wokazinga, n'kubwereranso kukakoleza mbaula ya madzi a tiyi. Mwana wa mlongo wanga anamutsatira kukhitchini ndi kope m'manja, kukafunsa kuti thumba lili pakhomolo analigula kwa yani.