Agogo Olemba Manambala a Sitima

Tili ku sekondale, kukwera sitima sinali nkhani youza anzako. Sukulu ikatsekera, ana a anthu opeza bwino ankatengedwa pa galimoto za makolo awo, ena ankathamangira minibasi, ndipo ife anayi a ku Nayuchi tinkazemba mwakachetechete kulowera ku siteshoni ya Balaka. Sitima inali yotsika mtengo, basi. Munkadzaza matumba a mpunga, madengu a matemba ndi nkhuku zomangidwa miyendo, ndipo inkaima pafupipafupi. Sukulu ikatsegulira, wina n'kufunsa kuti tinayenda pa chiyani, tinkangoti, "Tinayenda bwino," n'kusintha nkhani.

Ulendo wathu womaliza, titangolemba mayeso a Fomu 4, tinapeza mzungu wachikulire wa imvi mutu wonse ataima pafupi ndi mutu wa sitima. Anali ndi kamera m'khosi ndi kabuku m'manja. Analemba nambala ya mutuwo m'kabukumo, kenako n'kugwada kuti aone bwino magudumu. Tinaseka mobisa nkhope. Mmodzi wa ife anati, "Agogo awa zawasokonekera. Munthu wa ndalama zokwerera ndege angabwere kudzagwadira chitsulo chakuda ndi mafuta chonchi?"

Mwatsoka kapena mwamwayi, m'sitimamo agogowo anakhala moyang'anizana nafe. Tinawapatsa moni kuti tiyesere Chingerezi chathu. Anatiuza kuti kwawo ndi ku Britain, anapuma pa ntchito, ndipo chaka chilichonse amasunga ndalama kuti tchuthi chawo akathere pa njanji za m'mayiko ena. Asanafike kuno anali ku Bulawayo, ku Zimbabwe, komwe anapita kukaona mitu ya sitima yoyendera malasha ya mtundu wa Garratt.

Ataona kuti dzinalo silikutanthauza kanthu kwa ife, anapempha kope n'kujambula pachikuto chakumbuyo. Mutu wamba wa malasha, iwo anatero, ndi chinthu chimodzi cholimba: thanki yowiritsira madzi pamwamba, magudumu pansi pake. Ukakula kwambiri sungathenso kukhota pamalo opanikiza, komanso umalemera mopitirira mphamvu ya njanji zopepuka. Munthu wina dzina lake Herbert Garratt anaganiza zougawa patatu. Kutsogolo kuli injini ndi magudumu ake, kumbuyo kuli inanso, ndipo thanki yowiritsira madzi ija imalendewera pakati ngati katundu wonyamulidwa pamtengo ndi anthu awiri. Pokhota, mbali iliyonse imatembenuka payokha, ndipo kulemera kumagawidwa pa magudumu ambiri. Woyamba unapangidwa mu 1909 mumzinda wa Manchester, ndipo mayiko a mu Africa, okhala ndi njanji zopapatiza ndiponso zokhotakhota, anagula yambirimbiri. Zimbabwe inapitiriza kuigwiritsa ntchito mayiko ena atasiya kale, chifukwa malasha anali pomwepo ku Hwange pomwe dizilo ankachita kugula kunja.

Tinamva bwino lomwe, kuposa m'mene tinkamvera maphunziro ena a sayansi m'kalasi. Kenako agogowo anatifunsa funso lawo: "Nanga njanji imene tikuyendapoyi inamangidwa liti?"

Tinayang'anizana. Sabata ziwiri zokha zinali zitadutsa tilembereni mayeso a Mbiri. Tikanatha kuwauza chaka cha pangano la ku Versailles ndi mfundo zake. Koma njanji yodutsa kuseri kwa minda ya makolo athu, yomwe kulira kwake kunkatidzutsa tili ana, sitinkadziwa chilichonse za iyo. Anatiuza okha, mosanyoza, kuti yochokera pa Nkaya kukafika ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970 kuti dziko lathu lilumikizane ndi doko la Nacala, ndipo yoyamba kufika ku Blantyre, yochokera ku Nsanje komwe panthawiyo kunkatchedwa Port Herald, inatsegulidwa mu 1908. Mlendo anatiphunzitsa za pakhomo pathu. Manyazi ake anaposa aja obisa kuti takwera sitima.

Titabwera kuno ku koleji tinayamba kuwerenga za anthu ngati iwo, ndipo tinapeza kuti alipo ambiri. Ku Switzerland kuli sitima yotchedwa Glacier Express, yoyenda pakati pa Zermatt ndi St. Moritz. Mtunda wa makilomita pafupifupi 290 imautha m'maola 8, kuwoloka milatho 291 ndi kulowa m'mphanga 91 zobooledwa m'mapiri. Eni ake amanyadira poyera kuti ndi yochedwa, ndipo anthu amalipira ndalama zambiri kuti akhale pazenera tsiku lonse. Ku India kuli kanjanji ka ku Darjeeling, kotalikirana masentimita 61 okha, komwe kanatsegulidwa mu 1881. M'makilomita 88 kamachoka kuchigwa n'kukafika pamalo okwera mamita oposa 2,200. Phiri likakula mphamvu, sitima imazungulira n'kudutsa pamwamba pa njanji yake yomwe, kapena imabwerera chammbuyo pa njanji ina yokwera kenako n'kupitanso kutsogolo. Bungwe la UNESCO linaika njanjiyi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1999.

Kwawo kwa agogo aja, mitu ina ya sitima ili ndi mayina ndi mbiri ngati mafumu. Mallard inathamanga makilomita 203 pa ola mu 1938, liwiro lomwe palibe mutu wa malasha unalipitirira, ndipo lero imasungidwa m'nyumba yoonetsera za njanji mumzinda wa York. Flying Scotsman, yopangidwa mu 1923, inachotsedwa pa ntchito mu 1963, koma munthu wina anaigula ndi ndalama zake kuti isadulidwe ngati chitsulo chotha ntchito. Chomwe chinatikhudza kwambiri ndi kanjanji kakang'ono ka Talyllyn ku Wales. Kali pafupi kutsekedwa, anthu wamba anasonkhana mu 1951 n'kuyamba kukayendetsa okha, mosalandira malipiro. Ankabwera pa masiku awo opuma kudzalambula udzu m'njanji ndi kudzapukuta zitsulo. Zinthu zakalezi zilipobe chifukwa anthu ena anazidziwa bwino mpaka kukana kuti zitayike.

Sitikufuna kunamizana kuti ulendo wa agogo aja ndi wathu zinali chimodzimodzi. Iwo anasankha kuchedwa. Ife kuchedwa kunatisankha. Kwa mayi amene wanyamula tomato wokagulitsa, ola lililonse lowonjezera ndi ndalama yomwe ikuwola m'dengu, ndipo kukongola kwa madambo sikungamulipirire fizi ya mwana. Wina atatiuza kuti mawa kubwera sitima yachangu, tikhoza kukhala oyamba kuwomba m'manja.

Komabe zenera linali limodzi. Powoloka Shire pa Liwonde agogowo anaimirira ngati mwana, nafenso tinasuzumira, koyamba m'zaka zinayi. Tikuyandikira kwathu anatilozera chigwa chotambalala n'kutifunsa ngati tikudziwa kuti njanjiyo ikudutsa pakati pa nyanja ziwiri, Chilwa kumwera ndi Chiuta kumpoto. Zimenezo tinkazidziwa, chifukwa matemba a m'madengu aja ankachokera komweko, koma sitinaganizepo kuti ndi nkhani yoti munthu n'kuilemba m'kabuku. Tinkadutsapo titagona, kapena tikudandaula za kutentha.

Chaka chamawa tipita kokayeserera kuphunzitsa, ndipo ena a ife adzatumizidwa ku sukulu zoyandikana ndi njanji. Mantha athu ndi oti tidzachita zomwe tinazolowera: kulemba pabolodi za mphamvu ya nthunzi, za kufutukuka kwa chitsulo chikatentha, za njira zotulutsira katundu kunja kwa dziko, ana n'kukopera, sitima ikulira panja popanda woitchula. Chonsecho phunziro lonse lili pamenepo. Mipata ing'onoing'ono yosiyidwa polumikiza zitsulo za njanji, yomwe imachititsa magudumu kugogoda, ndi yoti chitsulo chipeze kofutukukira dzuwa la mu Okutobala likaswa mtengo. Miyala yothiridwa pansi pake ndi yoti madzi a mvula asakhazikike komanso kulemera kugawike. Mwana amene wazigwira ndi manja sadzavutika kuziloweza.

Mwezi wathawu atatu a ife tinapita ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri, mu Blantyre, komwe panja pake paima mitu yakale ya sitima za malasha. Tinafunafuna poponyera malasha, pothira madzi, ndi ndodo zachitsulo zotembenuza magudumu. Mmodzi wa ife anagwada kuti aone bwino kunsi kwake, kope lija la chithunzi cha Garratt lili m'manja. Ana a sukulu ina amene anabwera kudzacheza anatiyang'ana, n'kuyamba kuseka mobisa nkhope. Tinawaitana kuti abwere pafupi.