Kalata kwa Mwana Wanga Amene Akunyamuka Kupita ku Mzuzu

Chilomoni, Blantyre

Wokondedwa mwana wanga,

Za ndalama, za atsikana ndi za kupemphera, amayi ako akulangiza kale mokwanira. Ine ndikufuna ndikuuze za matenda a maganizo, nkhani imene m'makomo ambiri kuno imangonong'onedwa. Ukakhazikika ku yunivesite ukawerenge kalatayi mofatsa, ndipo ukaisunge.

Anthu akamva za misala amaganiza za munthu wa nsanza wotola m'zinyalala kumsika wa Limbe. Ameneyo ndi wodwala amene anasowa womugwira dzanja. Odwala ambiri amasamba, kutchena ndi kukwera minibasi m'mawa kupita kuntchito. Bungwe la WHO linapeza kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali ndi vuto lotere, ndipo ambiri limawayamba adakali achinyamata.

Matendawa ali mitundumitundu. Alipo a kukhumudwa, osiyana ndi chisoni cha tsiku limodzi. Munthu amatha masabata awiri kapena kuposa mtima uli wolemera, zimene ankakonda zitamuchoka, tulo ndi chakudya zikumukanika, akudziona ngati wachabechabe. Alipo a nkhawa, oti mtima umagunda, thukuta kutuluka, mpweya kubanika, pamene palibe chomuthamangitsa. Alipo obwera munthu akaona zoopsa. Ukukumbukira mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ena mwa amene anapulumuka amalota zomwezo mpaka lero, ndipo mvula ikayamba kulira pamalata amanjenjemera. Odwala ena matenda awo amasinthasintha. Munthu amatha masiku osagona, kuyankhula osapuma, kumwaza ndalama, kudziona ngati wamkulu kuposa onse, kenako n'kugwa m'chisoni chachikulu. Ndiye pali aja oti munthu amamva mawu pamene palibe woyankhula, n'kumakhulupirira kuti anthu akumupangira chiwembu. Kulephera kusiya mowa, chamba kapena njuga nakonso ndi matenda.

Wakula tsopano, uyenera kudziwa za amalume ako a ku Ndirande. Iwe uli wakhanda, iwo anayamba kudzitsekera m'chipinda, kukana chakudya poopa kuti muli poizoni, ndi kuyankha mawu amene ife sitinkawamva. Oyandikana nawo ena ankati alodzedwa, ena ankati anakhwimira chuma koma chizimba chinawakanika. Tinapita nawo ku chipatala cha Gulupu, anawatumiza ku chipatala cha Zomba Mental, ndipo anabwerako ali bwino. Mipando imene timakhalira pabalaza anakhoma ndi iwowo atachira. Amamwa mankhwala awo mosadumphitsa monga amachitira a shuga ndi a BP, poti akasiya matenda amabwerera. Ndakuuza izi chifukwa ena mwa matendawa amayenda m'magazi. Sindikunena kuti udzadwala, ambiri a m'mabanja otere sadwala. Koma iwe uli ndi chifukwa chachikulu chodzisamalira kuposa anzako.

Choyamba, chamba usachikhudze. Anzako adzakuuza kuti chimatsegula mutu powerenga, kapena kuti boma linachiloleza. Lamulo la mu 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chiphaso, osati kusuta. Kwa mnyamata wa magazi ngati akowa, chamba chikhoza kudzutsa matenda amene akanangogona. Kachasu ndi timabotolo totchipa tija nazo zimafooketsa ubongo. Kubetcha pafoni kumayamba ndi ndalama ya sopo, kumathera pa fizi ndi katapila, ndipo ngongole yobisa imadya munthu usiku.

Zina zoyambitsa matendawa munthu sazisankha: imfa ya wokondedwa, kutha kwa chibwenzi, ulova, nkhanza zimene anachitiridwa ali mwana. Matenda a m'thupi nawonso amasokoneza mutu, monga malungo a muubongo, kachilombo ka HIV ngati munthu sakumwa mankhwala, kapena kuvulala m'mutu pa ngozi ya kabaza. Amayi ena amadwala akangobereka, ndipo udzakumbukire zimenezi ukadzakhala pabanja.

Chizindikiro chachikulu ndi kusintha. Mnzako wansangala akayamba kudzipatula, kujomba m'kalasi, kusiya kusamba, kukwiya ndi tizinthu tating'ono, kuchezera usiku ali maso, kapena kuseka ndi kuyankhula yekha, usamuseke ndipo usamujambule kuti uponye pa WhatsApp. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Akayamba kunena kuti watopa ndi moyo, kugawa katundu wake, kapena kutsanzika ngati wa paulendo, imeneyo ndi ngozi. Mufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa mpata woti atule. Usamusiye yekha, chotsa chilichonse chimene angadzivulaze nacho, uza akuluakulu a pasukulu, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ku Mzuzu kuli chipatala cha St John of God, chimene ntchito yake ndi yomweyi, komanso chipatala chachikulu cha boma. Ukakhala kuno, yambira pa chipatala chathu cha Chilomoni, iwo amatumiza ku Gulupu. Wodwala samangidwa ndi zingwe, sakwapulidwa, ndipo sasiyitsidwa mankhwala chifukwa wapemphereredwa. Pemphero ndi labwino, ifenso tinawapempherera amalume ako, koma linkayenda limodzi ndi mankhwala. Munthu akafika msanga kuchipatala amachira msanga.

Tsopano za iwe mwini. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo mawu amenewa akwirira amuna ambiri. Apolisi akamapereka chiwerengero cha odzipha m'dziko muno, ochuluka amakhala amuna. Ine bambo ako ndikukuuza kuti lira, yankhula, pempha thandizo. Uzigona mokwanira ngakhale nthawi ya mayeso, uzidya, uzisewera mpira, ndipo upeze mnzako mmodzi kapena awiri oti ungawauze zakukhosi.

Tikuyembekezera digiri, inde, koma iwe ndiwe wofunika kuposa pepala. Ukalephera mayeso, ukaononga fizi, ukapereka mimba, ukagwa m'ngongole, tiuze. Mwina tidzakalipa, koma tidzakhala pansi n'kukonza limodzi. Palibe mlandu umene ungatichititse kukukana. Mtima ukalemera, imba nthawi ina iliyonse, ngakhale pakati pa usiku. Ukasowa mayunitsi ingoflasha, ine ndidzaimba.

Uyende bwino, Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako okukonda.