Fungo la Utsi

Loweruka lina teremu yathayi, aphunzitsi athu a ndakatulo anatiitana anthu asanu kunyumba kwawo kuti tikamalize mkangano umene unatsala m'kalasi. Titatha kudya, iwo analowa kuchipinda natulukako ndi botolo lobiriwira atalifukata ngati khanda. Anati analigula ku Scotland kumene anakachita maphunziro, ndipo salitsekulira munthu wamba. Dzina lake Laphroaig, wisiki wa pachilumba cha Islay, wa zaka 10.

Anatithirira kadontho kongonyowetsa pansi pa tambula. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anangokhuthulira kukhosi kamodzi, nayamba kutsokomola misozi ili chuchuchu.

"Ayi achimwene, amenewa si mankhwala a malungo," anatero aphunzitsi. "Yambani ndi mphuno."

Tsono anatilangiza. Tambula osaikanikiza pamphuno, chifukwa ukali wa mowa umapha fungo. Kununkhiza pang'onopang'ono, kukamwa kuli kotsekula pang'ono. Kenaka kupsontha, nkuusunga palilime osameza msanga. Ukathiramo timadontho ta madzi, fungo limene linabisala limatuluka. Pomaliza kudikira, kumvetsera chimene chatsalira kukhosi.

Ine nditanunkhiza ndinamva utsi. Sunali utsi wa fodya ayi, koma wa nkhuni zonyowa, uja umakakamira m'zovala nthawi ya dzinja. Pansi pake panali kafungo ka mankhwala otsukira bala, ndipo kutsekemera kunabwera pambuyo, mochedwa ngati mlendo wamanyazi. Ndinanena zimenezi mokweza. Aphunzitsi anaika tambula yawo pansi.

"Kodi inu munaulawapo kuti?"

"Ayi, ndimangowerenga m'mabuku," ndinayankha.

Limeneli linali bodza, ndipo popeza aphunzitsiwo amawerenga magazini ino, alandire choonadi pano. Amayi anga amatcheza kachasu. Anayamba chaka chimene bambo anatisiya, ine ndili Sitandade 6. Fizi ya kusekondale, nsapato zanga zoyamba, ngakhale sutikesi imene ndinabwera nayo pakoleji pano, zonsezi zinadontha kuchokera kupaipi, dontho limodzilimodzi, kugwera m'velemoti.

Ntchitoyo ndimaidziwa ngati njira ya kudambo. Madeya, shuga ndi madzi zimakhala mumgolo masiku angapo mpaka thovu litaleka. Kenaka mumtsuko, pakamwa pake nkumata kuti nthunzi isathawe, moto wake wofatsa. Nthunziyo imadzera m'paipi yodutsa m'madzi ozizira, nisanduka madontho. Ine udindo wanga unali kusintha madziwo akafunda ndi kuyang'anira moto. Amayi samwa mowa, ngakhale thobwa logonera amalikana. Amangodonthezera m'dzanja, nkufikisa, nkununkhiza. Nthawi zina amawaza pang'ono pamoto kuti aone lawi. Atero amadziwa kuti mutu watha, kapena kuti zotsalazo ndi madzi chabe. Mphuno imene aphunzitsi anaiyamikira ija ndinaiphunzira pamenepo, nditanjuta pambali pa mafuwa.

Motero pamene ankafotokoza kapangidwe ka wisiki, ine ndinkangomva nkhani ya kwathu itavala jekete. Balere amamumeretsa kukhala chimera. Ku Islay chimeracho amachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo limene limayaka likauma, ndiye gwero la fungo lija. Akachiviika nkusasa, amatcheza kawiri m'miphika ya mkuwa. Nawonso amagawa zotuluka patatu: zoyamba, zapakati ndi zotsiriza. Koma apa mpamene tinasiyana. Iwo zoyamba ndi zotsiriza amazibwezera mumphika, nasunga zapakati zokha, popeza zoyambazo zili ndi ukali woipa umene umakanda kukhosi. Kwathu mutu ndiwo wamtengo wapatali, azibambo amachita kuulipiriratu dzulo lake. Sindifuna kukometsa zinthu pano. Ndakokapo anthu akuluakulu pabwalo pathu ali thapsa, ndipo mmodzi wa iwo anali mphunzitsi wanga wa masamu, amene ntchito inamuthera m'velemoti momwemo.

Chinandikhudza koposa ndi nthawi. Wisiki naye amatuluka m'paipi ali mbee ngati madzi, ngati kachasu. Lamulo la kumeneko limati asatchedwe Scotch asanagone zaka 3 m'migolo ya mtengo wa oak. M'menemo ndimo amatengera maonekedwe a uchi ndi kufatsa kwake. Chaka chilichonse magawo pafupifupi 2 pa 100 alionse amauluka kudzera m'matabwa, ndipo eni ake, mosadandaula, amati limenelo ndi gawo la angelo. Amayi alibe chopatsa angelo. Botolo limagulidwa likadali lofunda, poti mawa kukufunika shuga wina ndi sopo.

Aphunzitsi anasimbanso kuti kale anthu a kumapiri a ku Scotland ankatcheza mobisa, kuthawa okhometsa msonkho, mpaka lamulo la 1823 linapeputsa zinthu. M'chaka cha 1824 George Smith wa ku Glenlivet anatenga chiphaso, ndipo anzake otcheza mobisa anamuda kotero kuti ankayenda ndi mfuti. Anzanga anasangalala nayo nkhaniyo ngati ya ngwazi. Ine ndinakumbuka Amayi akusomeka paipi kudenga la nkhokwe atamva mphekesera yoti kukubwera apolisi. Ndikadatha kuwonjezerapo kuti nalonso dzina loti kachasu lili ndi mbiri, linachokera ku cachaça wa Apwitikizi, mowa wa nzimbe umene ku Brazil amaunyadira. Ndinakhala duu.

Pamenepo mtsikana wina anakweza tambula nati, "Uwu ndiye mowa, osati zija amamwa anthu otayika kumudzi." Onse anaseka. Inenso ndinaseka, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinaseka kuposa onse.

Potsazika ndinapempha kuti anditsanulireko pang'ono m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Aphunzitsi anaganiza kuti apeza wophunzira weniweni, anandithirira mokondwa. Ndinakasunga m'sokosi mpaka tchuthi.

Ndinawapeza Amayi kuseri kwa khitchini, mtsuko uli pamoto. Nditawapatsa kabotoloko anadonthezera m'dzanja monga mwa masiku onse, nafikisa, nanunkhiza nthawi yaitali maso atatsinzina.

"Amene anatcheza uyu sanathamangitse moto," anatero. "Koma nkhuni zake zinali zonyowa."

Ndinawauza za peat, za migolo, ndi kuti mowawo unagona zaka 10 usanagulitsidwe.

"Zaka khumi? Nanga ana ake ankadya chiyani?"

Anatseka kabotolo nakamangirira pansonga ya chitenje. Kenaka anapisa chala m'madzi a paipi.

"Iwe, madziwa afunda. Tenga ndowa."