Ndidapeza Agogo Akusewera ku Chigwa cha Shire

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, sabata ino ndifuna ndikutengeni pa ulendo wa ku chigwa cha mtsinje wa Shire, kumene ndidapita m'nyengo yachisanu kukacheza ndi gulu la amayi anzathu. Ndidanyamuka ndi cholinga chokaphunzitsa kasungidwe ka ndalama m'magulu, koma ndidabwerako nditaphunzira china chimene chidandichititsa manyazi, pakuti chikukhudza apongozi anga amene ndimakhala nawo pakhomo.

Amene simunafikeko, dziwani kuti ukachoka ku Blantyre msewu umatsetsereka mokhotakhota pa mapiri a Thabwa. Pamwamba pamakhala kamphepo, koma ukamatsika umayamba kuvula juzi. Kunsi kwako umaona dziko layala ngati mphasa, Shire akunyezimira pakati pake. Ukaoloka mlatho wa Kamuzu msewu umaloza kummwera, kudutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, thonje ndi ng'ombe za ku Ngabu, milambe ndi migwalangwa, mpaka ku Bangula m'boma la Nsanje. Ndidagona m'mudzi wina kufupi ndi pamenepo.

M'mamawa, dzuwa lisanakwere, ndidamva phwete ndi nthungululu pansi pa mtengo wa bwemba. Ndidayesa ndi ana. Nditayandikira ndidapeza nkhalamba zokhazokha, imvi ziri mbuu, ndodo zawo atazitsamiritsa ku tsinde la mtengo. Adali atalemba mzere pansi, ndipo aliyense amayenda pa mzerewo mwapang'onopang'ono, chidendene kutsogolo kwa zala, atasenza chikho chodzaza madzi. Wotaya madzi amasekedwa, nabwerera kukayambanso. Atatha izi adaima mozungulira naponyerana mpira wa mapepala, woponya akutchula dzina la amene awakhe. Kenaka adapikisana kukhala ndi kudzuka pa timipando popanda kugwira pansi, anzawo akuwerenga mokweza.

Atatopa adakhala pa mphasa. Amayi adakumba kadzenje nayamba phada, mwala m'mwamba, dzanja pansi, monga tinkachitira tiri atsikana. Abambo achikulire adayala zitsononkho m'mizere iwiri yoyang'anana nayamba nsikwa, masewera odziwika kwambiri kuchigwako. Nsikwa ndi kachibade ka chikho koboola pakati ndi kulowetsamo kamtengo. Umaipota ndi zala kuti ipite ikuzungulira ikagwetse zitsononkho za mbali inayo. Pomaliza onse adaimirira, kuwomba m'manja, navina utse, gule wa amayi a Chisena, koma mofatsa, molingana ndi mawondo awo.

Ndidafunsa agogo ena amene amaoneka kuti ndiwo wamkulu pa onse: "Agogo, kodi simuchita manyazi kusewera ngati ana, adzukulu akuona?"

Adandiyang'ana naseka. "Mwana wanga, iwe wachokera kumtunda. Kuno miyendo ndiyo bwato la munthu wosauka. Madzi akabwera usiku safunsa zaka zako."

Pamenepo ndidakhala chete, chifukwa mbiri ya chigwachi tonse timaidziwa. Madzi adasefukira mu Januwale 2015. Adabweranso mu Malichi 2019, ndiponso ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, kenaka ndi Freddy mu Malichi 2023. Agogowo adandifotokozera kuti pa nthawi ya Freddy, okalamba amene adali ozolowera kuyenda kudimba adatha kudziyendera okha kupita kumtunda. Amene adakhala zaka ali pa khonde adachita kuberekedwa ndi ana awo, ana omwewo ali ndi makanda ofunikanso kubereka. Ndipo ku msasa, kumene adakhala masabata ambiri osagwira ntchito, ngakhale amphamvu aja miyendo idawalemera. Pobwerera kumudzi ena adalephera kufika kuchitsime. Ndipamene amayi a gulu adagwirizana zoti aziwasonkhanitsa katatu pa sabata kuti azisewera.

Zimene amayiwa adaona ndi maso awo, a zaumoyo amazivomereza. Munthu akamakalamba minofu yake imachepa, ndipo imachepa msanga akangokhala. Mwendo wofooka umadzandira, wodzandira amagwa, ndipo nkhalamba ikathyoka fupa la m'chiuno kawirikawiri siyendanso monga kale. Mu 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza kuti anthu a zaka 65 ndi kupitirira azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Lidatinso masiku atatu kapena kuposa pa sabata azichita zolimbitsa miyendo ndi zowathandiza kuima mosadzandira. Kuchita zimenezi kumathandizanso pa kuthamanga kwa magazi ndi pa matenda a shuga, ndipo munthu amagona tulo tabwino.

Tsono nzeru ya amayi a kuchigwa iri pa ichi: sadawauze agogo kuti tiyeni tikalimbitse thupi. Akadatero, ambiri akadakana, nati ife tidalimba kale ndi khasu. Iwo adawaitanira ku masewera amene amawadziwa kuyambira pa ubwana. Pa masewera munthu amawerama kakhumi kutola nsikwa osazindikira kuti wawerama. Amafuna kupambana mnzake, motero mawa amabweranso. Pa phada diso ndi dzanja zimagwirira limodzi, ndipo powerenga miyala mutu nawo umagwira ntchito. Chachikulu china nchakuti agogo amene amaseka pagulu sakhala wosungulumwa. Tikudziwa tonse kuti nkhalamba yokhala yokha kuseri kwa nyumba, yolankhula yokha, ndiyo imayamba kulozedwa zala kuti ndi mfiti. Amene mudzi wonse umamuona akuvina m'mawa amakhalabe munthu pakati pa anthu.

Ndiri pa basi pobwerera, ndikukwera Thabwa, ndidakumbukira apongozi anga. Chibwerere kwathu zaka zitatu zapitazo, ndidawalanda tsache, ndidawalanda mtsuko, ngakhale kusenda mtedza ndinkati asiyireni ana. Ndinkayesa ndiwo ulemu, ndipo ndinkaopa kuti anthu anganene kuti ndikugwiritsa ntchito mayi a amuna anga. Adabwera akuyenda okha kutchalitchi. Lero podzuka pa mphasa amafuna dzanja la munthu. Ndine ndemwe ndidawamanga miyendo ndi chifundo changa.

Nditafika ndidatola timiyala ndi kukhala pambali pawo. "Amayi, ana awa phada samudziwa. Tawaphunzitsani." Adayamba akana, koma ataona mdzukulu wawo akulakwitsa adamulanda mwalawo. Tsopano madzulo aliwonse amayenda ndi adzukulu mpaka pa mjigo ndi kubwerera.

Inu amene mufuna kuyesa, kumbukirani izi. Yambani pang'ono, mphindi khumi zokha, nkumaonjezera. Sewerani m'mawa kapena madzulo pamthunzi, makamaka kumadera otentha ngati kuchigwa, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Madzi akumwa akhale pafupi. Sesani bwalo, muchotse miyala ndi mizu, ndipo wodzandira aime pafupi ndi khoma kapena mnzake wamphamvu. Wina akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, aleke pomwepo ndipo mupite naye kuchipatala. Amene ali kale pa mankhwala a mtima kapena a shuga ayambe afunsa adokotala.

Akale adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambolo tilisamale lisaume. Pa msonkhano wanu wa gulu sabata ino, werengani agogo amene ali m'mudzi kapena m'dera lanu, musankhe tsiku ndi mtengo wamthunzi, muwafunse masewera amene ankawakonda ali ana. Chofunika ndi timiyala, zitsononkho ndi chikho cha madzi basi. Ifenso tikulowera komweko, amayi, ndipo ana athu adzatisunga monga akutiona tikusungira agogo awo.