Kalata kwa mphwanga: kumene samu za x ndi y zinachokera

Wokondedwa mphwanga,

Kalata yako ndailandira. Dandaulo lako lija landikhala pamtima. Ukuti aphunzitsi akukupatsani ma simultaneous equations ambirimbiri okachitira kunyumba, pamene iwe sukuona kuti x ndi y akukhudzana bwanji ndi moyo wa munthu. Tamvera ndikuuze kumene zinachokera.

Ku China kuli buku la masamu lotchedwa Jiuzhang Suanshu, la mitu 9, limene linasonkhanitsidwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Bukulo lili ndi mafunso okwana 246, ofanana ndi amene ukudandaula nawowo: za kuyeza minda, misonkho, kukumba ngalande ndi kusinthanitsa mbewu. Funso loyamba la mutu wa 8 ndi la mitolo ya mbewu yosapuntha. Mitolo 3 ya mbewu yabwino, 2 yapakatikati ndi 1 yachabechabe ukaipuntha ukupeza miyeso 39. Ukatenga 2, 3 ndi 1 ukupeza 34. Ukatenga 1, 2 ndi 3 ukupeza 26. Nanga mtolo umodzi wa mtundu uliwonse ukutulutsa miyeso ingati?

Anthu a ku China a nthawi imeneyo analibe x kapena y. Ankayala timitengo towerengera m'mizere yotsika, equation iliyonse mzere wakewake. Kenako ankachulukitsa mzere umodzi, n'kumachotsamo mzere winawo kangapo mpaka malo apamwamba atsale opanda kamtengo. Akatero ndiye kuti mtundu umodzi wa mbewu wachoka, kwatsala iwiri. Abwerezanso, kwatsala umodzi. Ndi elimination yomwe ukuchita m'kope mwakoyo, kungoti iwo ankaigwira ndi zala. Ankadziwanso manambala ochepera ziro, chifukwa pochotserapo nthawi zina umachotsa chachikulu pa chaching'ono. Liu Hui, amene analemba ndemanga za bukuli mu 263, anafotokoza kuti timitengo tofiira ndi takuda n'timene tinkasiyanitsa mitundu iwiri ya manambalayi. Ine zimenezi zimandigwira mtima, chifukwa ku Ulaya akatswiri ena ankakayikirabe manambala otere patapita zaka zoposa 1,000.

Dzina loti algebra linabadwira ku Baghdad. Cha m'ma 820, m'nthawi ya mfumu al-Ma'mun, munthu wina dzina lake al-Khwarizmi analemba buku limene pamutu pake panali mawu achiarabu akuti al-jabr, kutanthauza kubwezeretsa chinthu m'malo mwake. Mawu omwewo ankanenanso kulumikiza fupa lothyoka. Ukakhala ndi x − 4 = 9, n'kuwonjezera 4 mbali zonse ziwiri, wabwezeretsa chimene chinachotsedwa, walumikiza fupa. Aphunzitsi ena amangoti nambala ikawoloka imasintha chizindikiro, koma palibe chimene chimawoloka pamenepo, mphwanga. Uli ngati munthu wapasikelo: chimene waika mbale iyi uikenso mbale inayo. Gawo lalikulu la buku lakelo linali la kagawidwe ka chuma cha masiye, nkhani imene nafenso timaidziwa kuwawa kwake. Ndipo analemba zonse m'mawu, wopanda chizindikiro ngakhale chimodzi. Robert of Chester analimasulira m'Chilatini mu 1145, ndipo dzina la al-Khwarizmi ndilo linabala mawu oti algorithm amene a makompyuta amatchula tsiku ndi tsiku.

Zizindikiro zinabwera mochedwa. Robert Recorde wa ku Wales ndiye anayambitsa = mu 1557, ndipo René Descartes mu 1637 anazoloweretsa anthu kulemba x, y ndi z pa zinthu zosadziwika. Choncho x amene akukusowetsa tuloyo anabwera kudzakupeputsira ntchito, kuti usamalembe ndime yathunthu pa mtolo umodzi wa mbewu.

Ukadzafika ku yunivesite udzamva njira ya timitengo ija ikutchedwa Gaussian elimination. Carl Friedrich Gauss wa ku Germany anaigwiritsa ntchito mu 1810 powerengetsa njira imene Pallas, chimwala cha m'mlengalenga, chimadutsa pozungulira dzuwa, ndipo zosadziwika zake zinali 6. Dzina linapita kwa iye ngakhale eni timitengo aja anamutsogolera kutali. Mizere ya manambala ija inapatsidwa dzina loti matrix ndi James Joseph Sylvester mu 1850, ndipo pa ma matrix amenewa ndi pamene pakhazikika linear algebra.

Tsono funso la mitolo lija ulichite wekha, usayang'ane kwa mnzako. Uyambe n'kuchotsa mzere wachiwiri pa woyamba, uone chimene chisowe. Ngati mapepala akuchepa, thyola timitengo ta machesi uyale pamkeka monga ankachitira eni akewo. Mayankho ake si manambala athunthu, ndiye usachite mantha ukaona ma fraction. Ukawapeza uwabwezere m'mizere yonse itatu kuti utsimikize, kenako undilembere pamodzi ndi njira yonse imene wadutsa, ngakhale pamene wafufuta.

Upereke moni kwa amayi ndi onse pakhomopo.

Ndine mkulu wako.